Boti la ku Mbenji Linamusiya

Boti linali litadzaza kale theka pamene Pitala anafika padoko la Chikombe ndi zopusa zake.

Enock Chimtengo ankayendetsa injini ya botilo. Chilumba cha Mbenji chinali chitatsegulidwa dzulo lake, ndipo asodzi ankalimbirana kukafika utaka usanachepe. Mwini boti, a Lawson, anali atanena poyera kuti Enock akachedwa, injini apatsa Temwani mpaka nyengo ithe. Temwaniyo anali mphwake wa Pitala.

Pitala anali telala wa pamsika, munthu wotha chaka osakweza mawu. M'mawa umenewu anangofika ndi kukhalira chikwama cha Enock ngati mpando.

"Alamu, tabwerekeni foni, yanga ilibe bandulo. Nkhondo ya ku Congo ija yatha. Zigawenga zathawa zonse. Ndikuonetsani."

Enock anampatsa. Pitala anafufuza nthawi yaitali, kenako anamuonetsa akasinja akuyenda pamalo oyera mbuu ndi chipale chofewa.

"Sinowo ku Congo?" anatero Enock. "Inu a Pitala, singano inakulowani m'mutu? Imeneyo ndi nkhondo ya azungu, ndipo kavidiyoko n'kakale. Wina amangosintha mawu pansipa, inu n'kumeza ngati kampango."

"Koma alemba," anatero Pitala, naika foniyo m'thumba la malaya. "Ndikubwezerani mukavomera."

Enock anayang'ana boti. Anyamata ankakweza nkhuni ndi matumba a ufa. Nthawi inalipo pang'ono, ndipo iye sanali munthu wosiya bodza likuyenda ndi miyendo. Anatola kamtengo n'kujambula pamchenga: tauni m'chigwa, nyanja mbali ino, mapiri mbali inayo, msewu umodzi.

"Wogwira phiri wagwira msewu. Wogwira msewu wagwira chakudya. Safunika kulowa m'tauni ayi. Kodi khoka limathamangitsa nsomba? Limangotseka, nsomba zidzipanikiza zokha. Pawailesi mbali zonse zinena kuti zapambana, chifukwa mbali zonse zili ndi anthu ngati inu owamvera."

"Komabe nkhondo imatithandiza ife," anatero Pitala. "Anthu akachepa kunjako, mafuta amatsika mtengo."

Asodzi awiri amene ankasoka ukonde pafupi sanaseke. Enock anaseka yekha, kuseka kouma. Anamenya chigubu cha petulo ndi phazi.

"Mafuta awa ndinachita kugonera pamzere ku Salima. Pitani ku Chinguluwe mukafunse olima mpunga kuti feteleza akumuona bwanji chiyambireni azungu kuwomberana. Ya ku Congo nayo ndi ya miyala ya pansi, yopangira mafoni omwewa. Ogulitsa miyalayo sagona m'maenje. Mwana wanga Yamikani ali komweko ndi asilikali athu. Iyeyo ndiye amandiuza zoona, osati timavidiyo tanuti."

Pitala anayang'ana pansi. Anafufuta phiri limodzi ndi chala cha kuphazi. Atadzutsa mutu, ananena zopusa zoposa zoyamba.

"Akuti zigawengazo zili ndi mankhwala. Chipolopolo chimasanduka madzi."

"Si inu munati zathawa?"

"Zathawa, koma ndi mankhwala."

Apa m'pamene injini inalira. Enock anatembenuka. Temwani anali atakhala kumbuyo kwa boti, dzanja lili pachogwirira, maso ali kumadzi. A Lawson, amene tsiku lililonse amakuwa mpaka mawu kusasa, lero sanaitane ngakhale kamodzi.

Zonse zinamveka tsopano. Telala wachete uja, mphwake, ndi mwini boti anali atapangana. Sinowo ndi mankhwala zinali nyambo chabe.

Enock anakoka chikwama. Pitala sanasunthe. Anakokanso mpaka lamba kuduka, koma telalayo anangogwira mchenga ndi manja onse awiri. Enock anasiya chikwamacho n'kuthamangira kumadzi. Analowa mpaka m'mawondo. Boti linali litatembenuka kale, ndipo palibe aliyense mmenemo amene anacheuka.

Anabwerera pang'onopang'ono, buluku likudontha. Sanakuwe. Anaima pamaso pa Pitala ndi kulankhula motsitsa, kuti mawu aliwonse alowe.

"Ndinkayesa ndinu wopusa chabe. Wopusa amamveredwa chisoni. Inu ndinu kanthu kakang'ono kwambiri. Mwagulitsa nkhope yanu pagulu kuti mphwanu agwire injini imene sadziwa n'komwe kutsuka pulagi. Chaka chonse ndimadikira nyengo imeneyi. Pamaliro anga musadzabwere, a Pitala. Musadzasoke ngakhale nsalu ya pabokosi."

Pitala anamvetsera zonse osaphethira. Ankayang'ana kumtunda, kupyola phewa la Enock. Asodzi awiri aja anali atasiya kusoka ndipo anali ataimirira.

Pamene pathera msewu panali pataima galimoto yobiriwira. Ankatsika pamchenga a Godwin, malume ake a Yamikani, pakati pa asilikali awiri ogwira zipewa m'manja.

Pitala anadzuka pachikwama paja, nawachingamira.

"Mwachedwa, a Godwin," anatero chapansipansi. "Zonena zinali zitandithera. Koma za Yamikani sanamve kwa munthu aliyense, ndipo sali pamadzi. Muuzeni, ndinu eni mwana."