Mkanjo wa Michiyo

Kutada, Tsuneo anapita kukatseka madzi kumunda wa mpunga, atasiya mkazi wake Michiyo ali chigonere, thupi lili moto.

Koma anakamupeza Michiyo kumundako, akuvina m'matope atadzola zoyera, monga ankavinira kale motsatira kuwomba kwa mphepo. Koma mphepo kunalibe. Mpunga ndiwo unkaweramira kulikonse kumene iye waloza.

"Amake Sayo, mwapenga? Odwala inu, m'madzi ozizirawa?"

"Phokosotu, bambo. Mwatontholetsa achule."

Tsuneo anamuwalitsa ndi tochi. Mkanjo wa Michiyo unali utapisidwa mbali yakumanja pamwamba, mmene kwawoko amavekera mtembo wokha.

Kunyumba kwake, nyali zinayamba kuyaka chipinda ndi chipinda, ndipo anamva mwana wawo Sayo akukuwa: "Ababa! Bwerani msanga, amayi!"

Michiyo anapitiriza kuvina.