Ntchentche ya Paphewa la Nguluwe

"Alamu, iwombeni isanandimalizire mbatata!" ananong'ona mwini munda.

Mlamu wakeyo anali katswiri pa mipikisano yowombera chandamale. Chipolopolo chake chinkadutsa pabowo pomwe padutsa chinzake. Koma apa anangogona chafufumimba, diso lili pagalasi la mfuti, nguluwe ikufukula mizere chapoteropo.

"Ndiwombe pati?"

"Panguluwepo!"

"Nguluwe njaikulu, alamu. Ine ndinazolowera kadontho."

"Posaka sitifuna kadontho. Malo okula ngati mbale ngokwanira. Lasani paphewapo!"

"Mbale? Mukundinyoza."

Mwini munda anakukuta mano. Mwamwayi anaona ntchentche ikutera paphewa la nguluweyo.

"Chabwino, kadontho kanu ndi ako. Ntchentcheyo."

"Apo ndiye mwalankhula."

Phuu! Nguluwe inaliyatsa liwiro kulowa m'tchire, yopanda ndi bala lomwe, mbatata ili kukamwa.

Mwini munda anagwira kumutu. "Chinyama chonse chija mwachiphonya?"

Katswiri anadzuka n'kusasa fumbi pamalaya, akumwetulira.

"Ndaphonya ndani? Ntchentche ija inauluka, ine n'kuitsatira, n'kuilasa m'malere momwemo. Tengani mpeni, alamu, tikasende."