Chikepe Chokana Kuzima

Abwana atagula chikepe chatsopano chokwerera nsanjika za ku ofesi, anachitama ngati mkamwini wolemera: sichidya magetsi, chikakhala chopanda munthu chimazima chokha. Koma okolopa anawaletsa kukwera. Wogwidwa, ntchito yatha.

Tsiku lina kutangoda, mayi wokolopa anakumbukira kuti makiyi a kunyumba wawasiya pa nsanjika yachisanu ndi chimodzi, ana akudikira pakhonde.

"Mawondo angawa si a kampani," anauza mlonda. "Kandinenereni, achimwene."

Anakwera yekha. Atatuluka, chikepe sichinazime. Chitseko chinayamba kutseka n'kubwerera, ngati wina wachitchinga ndi phazi. Malemu mwamuna wake, yemwe ankayendetsa chikepe chakale, ankamutchingira choncho.

"Bambo a ana, tinakuikani m'manda ife. Musandichotsetse ntchito."

Anatola makiyi n'kuthawira ku masitepe. Pa nsanjika yachisanu chikepe chinalira n'kutseguka, chikuwala, mulibe munthu. Pa yachinayi, chimodzimodzi.

Pansi anapeza mlonda atauma, maso ali pa kanema wa makamera.

"Mayi, bambo munakwera naye uja ndani? Wamtali, mutu kugunda denga."

Koma malemu anali wamfupi, ankamulekeza mayiyo m'phewa.

Kumbuyo kwake, chikepe chinalira.