Mfuko ndi Chiswe Alimbirana Nthaka

Padangokhala, ana anga, Mfuko ndi Chiswe anakangana pa za mwini nthaka. Anapangana kuti akumbe chotsika: wofika kumene sikukhala cholengedwa chilichonse ndiye mwini, ndipo wolepherayo asamuke ndi ana ake.

Mfuko anakumba mwaphuma kufikira mano ake anagunda thanthwe, nabwerera akulira. Chiswe anadzera mumng'alu, natsika pang'onopang'ono mpaka pamwala wotentha, kumene dzuwa silinafikeko chilengedwere dziko.

"Kuno ndi kwanga," anatero Chiswe.

"Alendo, kodi kwanu mumalowa opanda odi?" anafunsa mawu aang'ono.

Chiswe anafufuza uku ndi uku, osapeza kanthu. "Pepani. Ndinu yani, nanga mumadya chiyani kuno?"

"Ndife tizilombo tochepetsetsa, tosaoneka ndi maso. Timanyambita mwalawu, pakuti Iye wodyetsa mbalame za mumlengalenga sanatiiwale. Pansi pathu palinso ena, ndipo ife tikafikako timaodira."

Chiswe anakwera, napeza Mfuko akumanga akatundu, ana atamuzungulira.

"Masulani, achimwene," anatero. "Ndatsika kutali, koma ndakapeza eni ake. Inu ndi ine tikukhala padenga la anzathu."

Nthano yanga yagona pamenepo.