Chotsekera Madzi cha a Injiniya

Mutu uli m'kabati ya pansi pa sinki, miyendo itatambalala pakati pa khitchini, a Injiniya ankagogoda paipi ndi sipanala n'kumatchera khutu ngati dokotala pachifuwa cha wodwala. Linali Loweruka, tsiku loyendera mapaipi.

Uinjiniyawo sanauphunzire kusukulu iliyonse. Anapuma ntchito ali kalaliki. Dzinalo anawapatsa ndi akazi awo mowanyogodola, iwo n'kulilandira ndi manja awiri.

Loweruka lililonse ankazula tsitsi m'kasefa ka kubafa, kuthira madzi owira musinki kuti mafuta asaundane, ndi kusintha timphira ta m'mipopi tisanathe n'komwe. Koma mwana wawo wapamtima chinali chotsekera chachikulu cha panja, pafupi ndi mpanda, chodulira madzi a nyumba yonse. Ankachitseka, kuchidonthezera oyilo, kudikira mphindi khumi kuti oyiloyo alowerere, kenako n'kuchitsegula. Pa mphindi khumizo panali lamulo: wina asayerekeze kukhudza mpopi, angalowetse mpweya m'mapaipi. Zaka zisanu ndi ziwiri zinadutsa popanda woliphwanya.

Gwero la khama lonseli anali mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, pulambala weniweni wa mapepala. Tsiku lina anawaseka pamaso pa alendo: "Alamu, inu cholembera, ine sipanala. Tisalandane ntchito." Kuyambira pomwepo a Injiniya analumbira kuti bokosi la zida la munthu ameneyo silidzalowanso pakhomo pawo. Akazi awo anavomera, koma anaikapo mawu: tsiku limene madzi adzakhudze kapeti ya pabalaza, adzaimbira achimwene awo, ndipo a Injiniya ndiwo adzagwire tochi mlamuyo akugwira ntchito.

Kugwirira mlamu tochi! Bola kumwa madzi a m'ngalande.

Kuseri kwa khoma, kunyumba yogundizana nayo, mpopi unkalira ngati mbuzi yomangidwa. Kumeneko kunkakhala amayi a saluni, omwe ankakonza anthu tsitsi pakhonde.

"Mukumva, mayi?" anatero a Injiniya ali m'kabatimo. "Ndiye kusasamala kumeneko. Munthu amadya ndi madzi, koma sadziwa ngakhale kumene paipi yake imadzera. Tsiku lina adzasambira m'nyumba ameneyo."

"Zisiyeni za eni ake," anayankha akazi awo akupukuta mbale. "Ndipo nati ya paipiyo munaimanga kale sabata yatha."

"Nati ikaona mwini wake akugona imamasuka."

"Nanga ikaona mwini wake sagona?"

A Injiniya anakoletsa sipanala panatiyo, n'kukoka pang'ono. Anakokanso kachiwiri, kofuna kuonetsa munthu. Natiyo inangoti thwa!

Madzi anawamenya pakati pa maso. Magalasi anauluka. Anatuluka m'kabatimo chafutambuyo, akutsokomola, malaya atamatirira pamimba. Madzi anayamba kuyenda pamatailosi mosafulumira koma modziwa njira, molunjika kukhomo la pabalaza.

Akazi awo sanakuwe. Anaika mbale pansi bwinobwino, kupukuta manja, n'kutulutsa foni m'thumba la epuloni.

"Mayi, sanafike pakapeti!"

"Ndikungoyang'ana nambala, bambo."

"Werengani mpaka makumi awiri. Mukafika, imbani."

"Wani," anayamba mayiwo, alibe n'chisoni chomwe.

A Injiniya anathamanga liwiro limene sanathamangepo chipumireni ntchito. Silipasi imodzi inatsalira pakhomo. Koma mumtima munalibe mantha. Kunena zoona, munali kachimwemwe. Tsiku limeneli ndi limene analikonzekera zaka zonsezi. Amuna ena pa nthawi ngati imeneyi amalimbana ndi chotsekera chodyedwa ndi dzimbiri, kuchimenya ndi mwala, kuitana anthu a mumsewu. Osati iwo.

Anagwada pampanda, kuvundukula chivundikiro, n'kugwira chotsekeracho ndi zala ziwiri zokha. Chinazungulira mofewa ngati chivindikiro cha botolo la mafuta odzola. Kamodzi, kawiri, katatu, n'kuima nji.

Anadzuka pang'onopang'ono, n'kusasa fumbi m'maondo. M'khitchini mawu anali atangofika pa leveni. Anaganiza za mlamu wawo, mapepala ake ndi bokosi lake lazida, ndipo anamumvera chisoni. Anaganizanso zoti madzulo amuimbire yekha, angomupatsa moni.

"Mayi!" anafuula moti msewu wonse umve. "Bwezerani foni m'thumba! Mwaona ntchito ya oyilo? Amene amati ine ndi wa cholembera abwere adzaone!"

Anabwerera akuyenda ngati mwini tauni, phazi limodzi lili losavala. Atafika pakhonde anaima. Akazi awo anali pakhomo la pabalaza, foni ili kukhutu, madzi akudutsa pakati pa mapazi awo n'kumatsika masitepe. Kumbuyo kwawo kapeti inali itayandama.

"Inde achimwene," ankatero mayiwo. "Tochi musavutike nayo, ilipo kuno."

A Injiniya asanatsegule pakamwa, pamwamba pa mpanda panatulukira amayi a saluni, manja ali thovu lokhalokha, kumbuyo kwawo kasitomala akulira kuti mankhwala akumuotcha m'mutu.

"Kani ndinu, aneba! Zaka zonsezi ndakhala ndikutukwana a kampani ya madzi Loweruka lililonse! Tsegulani msanga, chimenecho n'changa. Chanu chili apo, pansi pa mulu wa njerwa zanuzo."