Mphindi Zisanu za Abusa Haskett

Abusa Lyle Haskett anang'amba pepala lachitatu la ulaliki wawo. Anakhala pansi, anaimirira, anakasuzumira pawindo la holo ya tchalitchi. Basi ya alendo inali isanatulukire.

Kwathu kuno, Lachisanu la mpira, mpingo umadyetsa timu ya alendo, ndipo m'busa amaipatsa mawu a Mulungu isanalowe m'bwalo. Mphindi zisanu basi. Koma lero mphindi zisanuzo zinawakulira.

"Mukumbatu dzenje ndi kuyendayendako, bambo," anatero mkazi wawo, Darlene, akuyala nkhuku yokazinga patebulo. "Tumani a dikoni. Nenani kuti mutu ukupweteka."

"Ndiname m'nyumba ya Mulungu?"

"Nanga mukamuona, mawu atuluka?"

Ankanena za Wendell Pruitt, mphunzitsi watsopano wa alendowo. Mpira wogundanawu ndi woopsa, timanena ife, koma amamva ndani? Zaka makumi awiri zapitazo, Lyle ndi Wendell ali anyamata a matimu osiyana, anawombana pabwalo lomweli. Ambulansi inachita kulowa mpaka pakapinga. Kuyambira tsikulo Lyle sanavalenso jezi, ndipo malo ake kusukulu yaikulu anatenga wina. Awiriwo sanaonanenso. Dzina la Wendell pakhomo pa a Haskett silinkatchulidwa.

Abusa analemba za Davide ndi Goliati, n'kufufuta. Analemba za kukhululukira m'bale, n'kufufutanso. Samalani nacho chilonda chophimba, chimadyera m'kati.

"Ndilalikira bwanji chikhululukiro iye ali pomwepo," anatero, "zinthuzo zikadali pamtima panga?"

"Mungowerenga vesi, mupemphere kuti asavulale, amen. Musamuyang'ane."

"Ndiyang'ane kuti? Kudenga?"

Hutala ya basi inalira panja. Abusa anapinda pepala, analipindanso, analowetsa m'thumba, analitulutsa. Anyamata analowa ndi phokoso lawo, kenako anapatuka uku ndi uku. Anayi a iwo anali kukweza njinga ya olumala pamasitepe.

"Lyle, iwe! Wanenepa ngati m'busa weniweni!" anafuula Wendell ali panjingapo, akuseka. "Waima chiyani? Bwera undikankhe, si ndiwe unandikhazika pano? Ndinakukhululukira kalekale, koma makalata anga sutsegula."