Botolo la Abusa Lombe

"Ba Abusa, uyu si imwe?" anafunsa Ba Ng'andu, mkulu wa mpingo wa ku Kabwata, atakweza foni kuti akulu onse aone.

Anali iwo ndithu, Abusa Lombe, mmishonale amene mpingowo unawatumiza ku Hungary. Pachithunzipo ankawaza perefyumu pamutu pa mayi wachizungu, amayi ena akuseka pambali. Tsopano akulu anakhala pansi kuti agamule ngati abusawo abwerereko kapena ayi.

"Ni mwambo wao chabe, ba tate," anatero Abusa Lombe, thukuta lili kamukamu. "Pa Mande ya Pasaka amuna amawaza akazi, akazi amawapatsa mazila ofiila. Zaka ziwili ninalalikila mipando. Tsiku lamene ninagwila botolo, ananitsegulila makomo. Manje chalichi imadzala!"

"Imadzala na mankhwala," anayankha Ba Ng'andu. "Ise tinatuma munthu wa Baibulo, osati polofeti wa tumabotolo."

Abusa Lombe anacheukira mkazi wawo Febby, koma iye maso anali pansi. Abusawo anakumbukira nkhalamba za m'mudzi wa ku Hungary, zimene zinalonjeza kuwadikira ndi kiyi wa tchalitchi. Manja anakwera limodzi limodzi, ndipo chigamulo chinagwa: ku Hungary asapondekonso.

Abusa Lombe ali pa siteji kudikira minibasi ya ku Chelstone, wina anawagwira chigongono. Anali Ba Ng'andu, mawu atawatsitsa.

"Ba Abusa, kanatsalako mu botolo muja? Amai kunyumba miyendo yawavuta maningi."